Wokimani M'ndowa

Nditangokwatira kumene ku Bangwe, ufa tinkagula wa wokimani. Kameneka ndi kajumbo ka ufa wongokwana kudya kamodzi. Dzinali linachokera ku tiwailesi tija anyamata ankayenda nato, poti nakonso umakabisa m'jekete. Kadyedwe kathu anzanga ankakatchula kuti ziro-ziro-wani: m'mawa zii, masana zii, madzulo ndiye kaphwando.

Ndiye kunabwera uthenga woti apongozi, mayi a mkazi wanga, akubwera kuchokera ku Nsanje. Ine pofunsira ndinawauza kuti mwana wawo sadzaona njala. Pakamwa pangapa! Ndinaopa kuti akaona wokimani amutenga.

Tinachita zomwe ankachita aliyense pamdadada wa nyumba zathu. Tinatenga ndowa, n'kuvundikira poto mkati, pamwamba n'kukhuthulira mawokimani asanu ndi limodzi. Ndowa inadzaza mpaka pakamwa. Ndinaiika pomwe munthu akangolowa aione.

Apongozi anafika ataonda, koma ine ndinali busy ndi ndowa yanga. Masiku awiri mkazi wanga ankatapa chapamwamba, mosamala ngati akuchotsa chitsotso m'diso. Ine n'kumayankhula mokweza kuti, “Ufawu ukatha undiuze, tikagayitse thumba lina.” Thumba lake liti?

Tsiku lonyamuka apongozi anakhala pamkeka, maso kumbali monga mwa ulemu wake.

“Apongozi, kumudzi madzi anakokolola zonse,” anatero. “Ana tikuwadyetsa nyika, timizu tija tokumba m'dambo. Ndimaopa kupempha, koma ndaona kuti kuno Mulungu wakudalitsani. Nditapeko pang'ono?”

Ndikanati chiyani? “Tapani, amayi,” ndinatero.

Anayala kansalu pansi, n'kulowetsa mbale m'ndowamo. Inagunda poto uja, n'kumveka kuti ngwee! Analowetsanso chapambali. Ngwee! Mkazi wanga anatuluka kukaona mbaula yomwe inali isanayatsidwe.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso. Ndinadikira kuti alankhule, kapena auze mwana wawo alongedze.

Iwo anabwezera ufa unali m'mbalewo. Anausalaza bwinobwino ndi dzanja mpaka poto anabisikanso, n'kupinda kansalu kawo kopanda kanthu.

“Ufa wabwino,” anatero. “Koma mabasi a masiku ano salola katundu wambiri.”

Ndinawaperekeza ku Limbe. Chikwama chawo ndinanyamula ndine, ndipo chinali chopepuka.