Musamusambitse Kaye

Ndinaganiza zochoka ku Chikwawa nditaona kuti unamwino wa kwathu malipiro ake ndi "zikomo". Mayi anati ndikazizidwa, achemwali anga anati ndisaiwale kutumiza kangachepe. Onse awiri ananena zoona.

Ku Dublin, m'dziko la Ireland, ndinkakhala m'kachipinda ka ku Rathmines kofanana ndi nkhokwe, ndipo Lamulungu ndinkacheza ndi ketulo. Ntchito ndinaipeza pachipatala china, mbali yothandiza anthu ogwiriridwa. Kumeneko ndinaphunzira kuti thupi ndi zovala zimasunga umboni, ndipo madzi amaufufuta.

Tsiku lina kunabwera mtsikana, msilikali wa pa sitima yankhondo ya dziko lina imene inaima padoko. Msilikali mnzake anamugwirira ali pakati pa nyanja. Ine pakamwa panga sipachedwa kufunsa, ndiye ndinamufunsa zimene dokotala wa m'sitimamo anachita. Anati anamupatsa mankhwala ndi mawu abwino, koma zotengera umboni munalibe, ngakhalenso wodziwa kuutenga. Anadikira kuti afike kumtunda uku akudyera m'chipinda chimodzi ndi munthuyo. Anali atasamba kambirimbiri, yunifolomu itachapidwa. Tinafufuza, osapeza kanthu. Mtima unandiwawa.

Nkhaniyi inandizunguza mutu. Sitima yonyamula mizinga, yokhala ndi wophika buledi, ingasowe bwanji kabokosi ka timitengo ta thonje totengera umboni? Ndinafunsa namwino mnzanga wa ku Zambia tili m'basi ya ku Clondalkin.

"Iwe," anatero, "pa ship amakonzekera enemy wa kunja, osati wa m'kati."

Kwathu ndinabwerera m'dzinja, mlatho wopita kuchipatala utakokoloka. Sipanapite nthawi, Tadala, mwana wa achemwali, anabwera kuchokera kuchigayo akulira, opanda ufa. Bambo wina wa m'mudzi mwathu momwemo anamugwirira panjira. Ndinapeza achemwali atatereka kale madzi pamoto, monga timachitira mwana akaona zoopsa.

"Achemwali, musamusambitse kaye."

"Mwana wanga akhale ndi litsiro la galu ameneyo? Ndi zimene unakaphunzira kwa azunguko?"

Sindinawakwiyire. Manja awo ankafuna kuchitapo kanthu, ndipo chimene ankachidziwa ndi madzi ofunda. Ndinagwada pamene panali Tadala.

"Thupi ndi lako, mwanangu. Ukasamba palibe angakudzudzule, ndipo kuchipatala tipitabe ukalandire mankhwala. Koma umboni woti munthuyo adzayankhire mlandu uli pathupi pakopo."

Tadala anayang'ana nthunzi ya madziwo.

"Amayi aang'ono, tiyeni. Ndidzasamba pobwera."

Zovala zake ndinazikulunga m'pepala, chifukwa pulasitiki amaoletsa umboni. Bwato lotiwolotsa linali laling'ono, choncho achemwali anatsala pagombe. Tili pakati pa mtsinje ndinacheuka. Mudzi wonse unali utazingidwa ndi madzi, chipatala chili tsidya lina, ndipo bambo uja ali mommo, akutunga pamjigo umodzi ndi ife. Zaka zonsezi ndinkadabwa ndi sitima ya eni, osadziwa kuti ndinabadwira m'sitima.

Namwino wa tsidyalo anatenga umboni wonse, ndipo apolisi analemba mawu a Tadala. Tinabwerera dzuwa litapendeka, mwanayo atatopa kwambiri. Tinapeza achemwali ali pamafuwa pomwe paja, nkhuni zitatha, akusonkhezera moto ndi zitsononkho.

"Bwera, mwanangu," anatero. "Madzi ako sanazizire."