Ndinali Mlonda wa Nyumba Imene Msewu Unafuna

Zikhomo ndizo ndinayamba kuona. M'mawa wina ndikupita kukataya madzi a mbale kuseli, ndinapeza timitengo tokhomedwa pansi, mitu yake yopakidwa penti yofiila, tili pa mzele umodzi kuchokela ku mpanda wa aneba, kudutsa pakati pa dimba langa la lepu, mpaka pa kona ya chipinda chimene ine ndi ana anga tinali kugonamo. Dzulo lake kunalibe. Ndinazula kamodzi, kenaka ndinakabwezela msanga pamene kanali, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati ndaba.

Nchito iyi ndinaipeza ku chalichi. Atate a ana anali atapita ku Solwezi kukafuna nchito, foni yawo inaleka kulowa, ndipo ine ndinatsala ndi Taonga wa zaka zinayi ndi Mapalo wakumsana. Sukulu ndinalekela giledi seveni, ndinali ndisanagwilepo nchito ya munthu. Amai ena a mu kwaya anandiuza kuti ba Chanda a ku Kabulonga akumanga nyumba ku Chelstone, ndipo akufuna munthu woti azikhalamo. Muno mu Lusaka ndi mmene zimakhalila. Nyumba yosatha ukaisiya yokha, mawa upeza mafulemu a mawindo apita, mkucha upeza wina wagulitsa pulotiyo kwa munthu wachitatu. Ndiye eni ake amaikamo banja losauka kuti lizilonda.

Anandipatsa chipinda chimodzi chimene chinali ndi malata kale. Pa windo ndinakhomelapo pulasitiki. Kiyi wa sitolo ndinali kumumanga pa chitenge, chifukwa m'menemo munali matumba a simenti, zitsulo za lintelo, waya ndi mapaipi. Amisili akathila silabu ya konkile, ine ndinali kuithilila madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yonse kuti isang'ambike. Mabuloko atsopano nawo amafuna madzi. Udzu ndinali kudula ndi chikwakwa, ndipo Loweluka lililonse ndinali kujambula sitolo ndi foni n'kuwatumizila. Koma tsiku loyamba lomwe ba Chanda anandiuza chimene anandilembela.

"Bana Taonga, nchito yanu ikulu ni kuoneka. Yanikani zovala panja, mbaula izifuka. Bantu bazibe kuti pano pali munthu."

Ndinaoneka chaka chathunthu, ndipo palibe msomali umodzi umene unasowa.

Za zikhomo zija ndinawaimbila tsiku lomwelo. Anabwela madzulo ndi pepala m'manja, nkhope itakwinyika. Anati boma likukulitsa msewu ndi kukumba ngalande yaikulu ya madzi a mvula, ndipo theka la puloti lipita pamodzi ndi nyumba. Anandifotokozela ataima pa geti, ngati akudzilankhulila okha, kuti boma lili nayo mphamvu yotenga malo a munthu ngati ndi za msewu, koma liyenela kukulembela kalata, kutumiza munthu wodzaona mtengo wa zinthu zako, ndi kukulipila. Ukakana mtengowo uli ndi ufulu wopita kukhoti. Ndinamvetsela bwino. Ndinali kudikila kuti afike pa ufulu wa munthu wogona m'nyumbamo, koma sanafikepo.

Munthu woona mitengo uja anabwela ndi tepi yoyezela ndi kagudumu kamene amakankha pansi. Anayeza zipinda, mpanda, dzenje la chimbudzi. Analemba mango awili, analemba ndi kamtengo ka kotapela kamene ndinabzala ine ndi manja anga. Taonga anali kumutsatila pambuyo. Atafunsa kuti muno mukhala ndani, ba Chanda anayankha kuti ndi mlonda chabe, ndipo cholembela sichinagwedezeke. Kotapela analowa m'buku, ana anga sanalowe.

Aneba onse a mzele wathu anavomela, analandila zawo, anasamuka mmodzimmodzi. Ba Chanda anakana, anati awapatsa mtengo wa khola la nkhuku, anapita kwa loya. Apo sindiwanena. Nyumba inali yawo, anaivutikila zaka, ndipo mwina mtengowo unalidi wochepa. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lelo ndi chimene chinatsatila.

Anayamba kubwela pafupipafupi, munthu amene kale anali kutha miyezi iwili osaponda. Anabwela ndi thumba la ufa, tsiku lina shuga, tsiku lina mabisiketi a Taonga. Anandiuza kuti ndisayese kuchoka, ngakhale kukagona kwina tsiku limodzi, chifukwa nyumba yopanda munthu amaigwetsa msanga ndipo ikagwa mlandu wake umafooka. Anati chingwe choyanikila ndichichotse kuseli ndichimange kutsogolo, mbali ya msewu, ndipo matewela a Mapalo azikhala pamenepo tsiku lonse ngakhale atauma. Ine ndinamanga. Ndinaona ngati ndi nchito yomwe ija ya kuoneka. Sindinadzifunse kuti tsopano tikuonekela ndani.

Makatapila ogwetsa nyumba anayambila kumtunda, nyumba imodzi pa tsiku, nthawi zina ziwili. Fumbi linali kulowa mpaka m'mabaketi ovundikila. Mapalo anayamba kutsokomola. Taonga analeka kusewela pa geti, akamva injini anali kuthamanga kudzagwila chitenge changa. Ine maso anga anali pa mpanda wa pakati pa ife ndi aneba, chifukwa ndinkadziwa mmene unamangidwila. Unali mpanda umodzi wa tonse awili, wopanda zitsulo mkati, ndipo chimbudzi cha aneba chinali cholumikizidwa nawo.

Tsiku limene anafika pa aneba linali Lachiwili. Dzuwa linali litakwela, ndipo mthunzi wokha pa puloti yonse unali m'munsi mwa mpanda umenewo, ndiye ndi pamene ndinali kusambitsila mwana masiku onse. Ndinamusambitsa, ndinamukulunga m'thaulo, ndinalowa naye m'nyumba kukamudzoza mafuta. Taonga anatsala akusewela ndi madzi a m'beseni. Ndinamva injini ikusintha mawu, pansi panagwedezeka, ndipo sindidziwa chimene chinandikuwitsa dzina lake, koma ndinakuwa, ndipo anabwela akuthamanga. Atangofika pa chitseko mpanda unagwa. Unagwela mbali yathu, wonse, kuchokela pa kona mpaka pa mango. Fumbi litatsika, beseni silinaoneke. Panali mabuloko okhaokha.

Ndinatuluka wopanda nsapato, mwana m'manja ali maliseche, ndikukuwa. Woyendetsa katapila anazimitsa injini. Kapitawo wawo, bambo wachikulile wa chisoti choyela, anabwela akudumpha mabuloko, anaona Taonga, anavula chisoti. Anati nyumba yathu saikhudza chifukwa nkhani yake ili kukhoti, koma ngalande idutsa pomwepo pa malile, ndipo akumba dzenje lakuya kuposa munthu kwa masabata angapo, mvula nayo ili pafupi. Anandifunsa ngati ndilibe kwina kopita ndi ana. Ndinamutukwana. Iye anangoyang'ana matewela aja pa chingwe.

Ndinaimbila ba Chanda. Ndinawauza kuti mpanda wagwa, kuti Taonga wapulumuka pang'ono. Mawu awo anamveka ngati a munthu amene watola chinthu panjila.

"Bagwetsa mpanda wanga? Musagwile buloko ili yonse. Papani mwana kumsana, muimilile pasogolo pa katapila, na mukulu aimilile pambali panu. Uzani munthu akujambuleni vidiyo. Iyi izatithandiza maningi."

Sanafunse ngati mwana wavulala. Ndinadikila, ndinawapatsa mpata, sanafunse. Pamenepo m'pamene ndinazindikila kuti ufa uja, mabisiketi aja, zonse zinali za chiyani. Loya anali naye, mapepala anali nawo, khoti linali lotsegula kwa iwo, koma anaona kuti chotchinga chotsika mtengo kuposa zonse ndi ana a mkazi wopanda kopita.

Chimene ndinaphunzila pa nchito imeneyo n'chakuti ufulu wa mwini malo ndi weniweni, ndipo aumenyele ndithu, koma uli pa pepala la dzina lake. Iwe wogona m'nyumbamo, khoma likakugwela, sulembedwa paliponse. Munthu akakupatsa malo ogona aulele, umufunse msanga kuti thupi lako likumulondela chiyani.

Ndinadula foni. Ndinaveka ana. Ndinatsegula sitolo, ndinajambula thumba lililonse la simenti, chitsulo chilichonse, kuti mawa asadzanene kuti mlonda anathawa ndi katundu. Ndinakiya, kapitawo uja akuona, ndipo ndinatumiza zithunzi zonse kwa ba Chanda ndi mawu akuti kiyi akamupeze kwa amai a mu kwaya. Zovala ndi mapoto ndinamanga m'zitenge ziwili, matilesi ndinawasiya.

Foni inalila njila yonse kupita pa siteshoni ya minibasi pa msika wa Chelstone. Inalila tili mu tauni tikusintha basi ya ku Makeni, kumene kuli azakhali anga amene tinali tisanalankhulane zaka ziwili, amene ndinkadziwa kuti adzandinyoza kaye asanatitsegulile. Ndinaiyankha kamodzi kokha. Ba Chanda anali kukalipa kuti ndawagulitsa, kuti ndikachoka lelo ndisadzabwelenso, kuti nyumba yawo igwa chifukwa cha ine.

"Ba Chanda," ndinatelo, "na imwe muli na bana ku Kabulonga. Baleteni bakaimilile."

Ndinazimitsa foni, ndinakweza Taonga pa mwendo kuti kondakitala asamulipilitse mpando, ndipo ndinamupukuta fumbi la simenti limene linali likadali m'tsitsi mwake.