Utaka wa pa denga la tchalitchi

Mwana wamkazi wa mchimwene wanga anabwera kuchokera ku yunivesite ndi laputopu komanso nkhope yodandaula. Kuti amalize maphunziro, anayenera kupanga mapu oonetsa malo amene asodzi a pachilumba pano amaphera utaka. Popanda mapuwo, digiri kunalibe.

Poyamba mapu ake ankatuluka pokhapokha munthu akalemba makodi m'timabokosi ta pa kompyuta, zilembo zooneka ngati nyerere pa mkeka. Ine ndinangoyang'ana kamodzi, mutu n'kuyamba kuwawa. Ndiye anakonza zoti ngakhale ife osadziwa tizitha: kukoka mapu ndi chala, kukhudza pamalo, kadontho kofiira n'kutulukira. Anayamba kuyesera pa ine, ati azakhali akatha ndiye kuti aliyense atha. Ndinamukhululukira poti ndi mwana.

Tinayenda wapansi mpaka kugombe la ku Yofu, laputopu ili m'chitenje pamutu panga. Asodzi anabwera mwaulemu, aliyense n'kukhudza pake, ena mpaka kuthokoza. Mtsikana anasangalala. Ine ndinkangoluma mlomo, pakuti ndakulira kuno. Msodzi wa ku Likoma angakupatse nsomba, bwato lomwe angakubwereke, koma sangakuuze pamene amaponya ukonde wake.

Kunyumba anakulitsa mapu aja kuti aone bwino. Kadontho kena kanali m'munda wa chinangwa ku Khuyu. Tina tinali pa msika wa Chipyela, ndipo limenelo silinali bodza kwenikweni, poti utaka umafikadi kumeneko. Mkulu wina wa kwaya anaika kake pa denga la tchalitchi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma nditacheuka ndinapeza mwana akulira, ndipo chisoni chinandigwira.

Atate ake, nawonso msodzi, ankasoka ukonde pakhonde. Anauika pansi n'kupukuta chala pa malaya.

"Bwera nacho kuno chinthu chakocho."

Anayamba kukhudza panyanja mosazengereza. Apa mpa uje wa ku Yofu, apa mpa mkulu wa kwaya uja. Zaka zonsezi munthuyu wakhala akusuzumira anzake, ndipo ankawaulula akumwetulira.

"Nanga panu, atate?" anafunsa mwana.

Kumwetulira kunatha. Malo amenewo sanauzepo munthu, ngakhale ine mlongo wake, ngakhale mlamu wanga. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana ine ngati ndine wakuba, kenako anakoka mapu pang'onopang'ono mpaka pa madzi opanda chizindikiro chilichonse. Anakhudza pamenepo, kadontho kofiira n'kutulukira.

"Apa ndi poonadi, atate?"

"Ndi poona. Pamenepa ndi pamene pakufikitsa kusukulu ukupitako."

Anatola ukonde wake n'kuyambanso kusoka, osatiyang'ana.

"Aphunzitsi akowo akangoona, ufufute. Ndipo azakhali akowa asayandikire chinthucho."