Mchere wa amayi pa fainolo

Lero kapepala ka mchere kandibookera m'thumba, ndipo ndakumbuka fainolo ina ku Vinthukutu, masiku omwe bwalo linkanjenjemera ndi ng'oma. Amayi anandituma mchere, koma ine, mwana womvera kwambiri, ndinadzera ku mpira. Ndinaima kuseri kwa golo la alendo a ku Chilumba, osadziwa kuti mcherewo ukuyoyokera pansi.

Bambo wina wa timu yawo anandigwira khutu. "Ninjani wakutuma kudzasukulutsa mankhwala athu?"

"Amayi," ndinatero.

"Mwamva? Mpaka azimayi ali m'chiwembu."

Asananditaye, anyamata athu anagoletsa. Ochemerera akwathu ananditsomphola m'manja mwake, nandinyamula m'mwamba akuimba. Ine m'mwambamo ndinkangopapasa m'thumba, kuyesa ngati wotsalawo ungakolere ndiwo zamadzulo.