Mulu wa Lois NyaMsiska

Lois NyaMsiska anagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu. Anapuma mu 2004 n'kubwerera kwawo ku Bolero. Odwala atamuthera, anadzipezera wina: mulu wa manyowa kuseri kwa khitchini.

Ankausamala ngati ali ku wodi. Pansi mapesi, pamwamba ndowe, kenako masamba, makoko a nthochi, phulusa pang'ono ndi madzi. Pakati anazikapo ndodo. M'mawa uliwonse ankaizula n'kuigwira. Ikakhala yotentha, ndiye kuti mulu ukupsa bwino.

"Wodwala yekhayu ndi amene ndimafuna atenthe thupi," ankatero.

Dimba lake linali mchenga wokhawokha. Popanda muluwo, tomato sakanabereka, ndipo mbande zinali zitamera kale.

Mu Ogasiti Lois anadwala malungo. Amayi a Umanyano, gulu la kutchalitchi kwake, anabwera kudzamuona motsogozedwa ndi Dinah NyaGondwe. Monga mwa mwambo wawo anapemphera, anatunga madzi, n'kuyamba kusesa pabwalo. Dinah atazungulira kuseri anagwira pakamwa.

"Amama athu adwaladi! Anesi athunthu, zinyalala mpaka m'chiuno? Bweretsani machesi, tiwachotsere manyazi."

Lois anamva ali pabedi. Malungo anaiwalika. Anatuluka opanda nsapato, bulangete lili paphewa, n'kupeza mapesi a m'mbali ayamba kufuka. Analanda ndowa kwa mayi wina n'kukhuthulirapo madzi onse.

"NyaGondwe, mwabwera kudzaona wodwala kapena kudzapha wina?"

"Amama, timati ndi dzala."

"Dzala? Miyezi itatu ndikulitembenuza! Gwirani apa."

Dinah anagwira ndodo ija n'kudumpha. "Moto walowa mkati!"

"Si moto wanu umenewo. Ndi wake."

Lois anafukula pansi pa muluwo ndi dzanja n'kutulutsa dothi lakuda lonunkhira ngati mvula yoyamba. Amayi analipatsirana, aliyense akununkhiza. Wina anati anesi achira, palibenso chifukwa chowaphikira phala. Lois anati phalalo aphike ndithu, n'kubwerera kukagona.

Tomato anabereka mpaka mitengo yochirikiza inawerama. Dinah analandira beseni lodzaza.

"Yewo chomene, amama."

"Musathokoze ine. Kathokozeni dzala lija."

Kuyambira chaka chimenecho, amayi akasesa patchalitchi satenthanso masamba. Amawanyamula m'matumba kupita nawo kwa Lois, ndipo Dinah ndiye amayamba kuzula ndodo.