Madala a Ngolo ndi Fosholo

Madala oyendetsa ngolo ya hatchi ndiwo amayamba kufika padoko la chilumba chathu, kudikira boti la alendo ochokera kumzinda wa Galway. Amawaseketsa njira yonse, koma akamadutsa nyumba zotseka makatani, zimene eni ake amangobwera patchuthi, amangoti, "Izi zimadzuka mu Juni." Imodzi mwa nyumbazo anagulitsa ndi iwowo kwa alendo. Mwana wa madalawo, Fiachra, atakwatira anasowa pokhala, n'kuchoka pachilumba.

Kuno wachibale sakumba manda, amakumba ndi anansi. Koma mchimwene wa madalawo anamwalira m'nyengo yozizira, boti litaima chifukwa cha namondwe, ndipo mwamuna wamphamvu panalibe. Madala ananyamula okha fosholo.

Mayi Nuala, oyandikana nawo nyumba, anawapeza dzenje litafika m'mawondo.

"Tulukanimo, inu! Malaulo amenewa! Mukufuna tiike maliro awiri?"

"Nanga ndiitane ndani, mayi? Kagogodeni panyumba ndinagulitsa ija, kapena makatani abwera kudzandilandira fosholoyi."

Mayi Nuala anavula chikhoto n'kuyamba kutola miyala m'dothimo.

Masiku ano alendo akapempha kukajambula mitanda yakale kumanda, madala amati hatchi yatopa.