Mipando isanu ndi iwiri, ana khumi ndi atatu

Inu makolo a ku Chitawira ndi ku Naperi, inu amene m'mawa uliwonse mumakweza mwana galimoto yopita naye kusukulu n'kubwerera m'nyumba mtima uli m'malo, nditchereni khutu. Mdzukulu wanga Tiyamike, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ali ndi ulusi pachipumi. Anamusoka kanayi. Galimoto imene anavulaliramo ikuyendabe, ndipo mwina yanyamula wanu m'mawa uno.

Ine ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ndi zinayi. Sindine munthu wothamangira kulalata. Kumishoni anatiphunzitsa kuti mlandu umayamba ndi kuona, kenaka kufunsa, kunena kumadza pambuyo. Ndaona. Ndafunsa. Tsopano ndinene.

Mwana wanga wamkazi, mayi a Tiyamike, amagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe, ndipo amanyamuka m'mamawa. Pachifukwa chimenechi, poyamba pa temu tinagwirizana kuti mwanayo azitengedwa ndi bambo wina amene ali ndi galimoto yonyamula ana a sukulu. Dzina lake sinditchula. Iye mwini amadzitcha Dayilekita, ndipo nane ndimutcha motero, pakuti udindo wodzipatsa wekha palibe angakulande.

Ndinapita ndekha kuofesi kwake ku Limbe, kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsalu. Anandionetsa galimoto yotsukidwa bwino, ya mipando isanu ndi iwiri, magalasi ake akuda. Ndinalowamo. Ndinakoka lamba wa mpando uliwonse, kumumanga, kumumasula. A Dayilekita anaseka nati, "Madala, inu mukanakhala wapolisi basi. Ife kuno chitetezo cha mwana ndiye nambala wani." Tinapangana K40,000 pamwezi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti ndafufuza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndivomere pano kulakwa kwanga. Tiyamike ndiye anali woyamba kutengedwa m'mawa, ndiponso womaliza kutsitsidwa masana. Choncho ine ndili pakhonde ndinkaona galimoto yopanda anthu ikubwera, ndi galimoto yopanda anthu ikupita. Zapakati sindinaziganizire.

Lachiwiri la sabata yatha, mphindi makumi awiri itakwana 1 koloko masana, hutala inalira pageti. Mwana anatsika atagwira kansalu pachipumi, yunifolomu yonse magazi. Dalaivala wolembedwa ntchito ndi a Dayilekita sanazimitse n'komwe injini. Anangotulutsa mutu pawindo nati mwanayu wagwa posewera, mumuthire mankhwala, n'kuliyatsa liwiro.

Tili pamzere kuchipatala ndinamufunsa mwanayo bwinobwino kuti anagwa posewera chiyani.

"Agogo, tinali pa mvula," anatero.

"Mvula yanji mwezi uno, dzuwa lili phwee?"

"Ayi agogo, si mvula yeniyeni. Ankolo oyendetsa galimoto akaona apolisi amati, 'Mvula!' Ndiye tonse timagona pansi kuti asatione. Wochedwa kugona amamukalipira."

Ndinamufunsa kuti amakwera angati. Anayamba kutchula mayina a anzake akupinda zala. Zala za manja onse awiri zinatha, mayina asanathe. Khumi ndi atatu. Asanu pampando wa anthu atatu, ena pamiyendo ya anzawo, ang'onoang'ono atatu kubuti pamodzi ndi zikwama. Nanga malamba? Mwanayo anandiyang'ana modabwa, nati lamba ndi wa ankolo okha, ndipo nawonso amamukoka pachifuwa akaona apolisi basi.

Tsiku limenelo zinayenda motere. Dalaivala anaona apolisi apamsewu patsogolo, nafuula mvula yake ija. Ana anadziponya pansi. Iye dzanja lina likusakasaka lamba, maso ali kwa apolisi, sanaone njinga yamoto imene inalowa kutsogolo kwake. Anaponda buleki mwadzidzidzi. Chipumi cha Tiyamike chinakumana ndi chitsulo cha kunsi kwa mpando. Chikanatsika pang'ono chabe, bwenzi tikunena za diso.

Lachitatu ndinavala jekete langa, ndinatenga ndodo, ndipo hafu pasiti eyiti ndinali nditafika kuofesi kuja. Ndinapeza mayi wina patebulo, maso ali pafoni. Ndinapereka moni. Anayankha foni isanachoke kumaso. Ndinati ndikufuna a Dayilekita. Anati abwana ali mumsonkhano. Ndinayang'ana kachipindako, makoma anayi, mpando umodzi, kalendala ya chaka chatha. Msonkhanowo unali kuchitikira kuti? M'kabati?

Ndinakhala pabenchi panja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nayini koloko inadutsa. Teni koloko inadutsa. Kota pasiti leveni a Dayilekita anatulukira, chimanga chootcha chili kumanja. Msonkhano wake unali umenewo.

Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, monga ndakufotokozerani inumu. Anamvetsera akutafuna. Nditamaliza anati, "Pepani madala, koma ana ndi ana. Amakokomeza."

Ndinati ulusi wa pachipumi sukokomeza. Ndinapempha kuona galimoto, imene inali itaima pomwepo kudikira ulendo wa masana. Anazengereza, koma ndinali nditagwira kale chitseko. Pampando wapakati panalibe pomangira lamba ngakhale pamodzi. Ndinapinda mkono wa jekete, ndinalowetsa dzanja kunsi kwa mpando, ndipo ndinazitulutsa zitsulo zomangira zija chimodzichimodzi, zitamatirira nyenyeswa za mandasi. Lamba wina wa kumbuyo anali atadulidwa ndi mpeni. Ndinamupeza atamangira chitseko cha buti, chimene loko wake anafa. Ndiye kuti chitseko chinapatsidwa lamba, ana atatu otsamira chitsekocho anamanidwa.

Ndinafunsa chifukwa chake. Yankho lawo ndilinena monga analinenera, kuti nanunso mulimve kukoma.

"Madala, ana akakhala asanu pampando umenewo, zitsulozo zimawabaya m'matako. Tinazilowetsa pansi powamvera chisoni."

Chisoni! Mwamva, makolo anzanga? Munthu wadzaza ana anu ngati nkhuku zopita kumsika, ndipo wachotsa chokhacho chimene chikanawagwira, zonsezi chifukwa cha mtima wake wabwino.

Ndinati nanga za mvula? Anaseka, nati ameneyo ndi dalaivala wanthabwala, amangosangalatsa ana. Kenaka anandiyandikira ngati tinakulira limodzi.

"Komatu madala, tinene zoona. Inu nthawi yanu munkakwera pamwamba pa matumba a chimanga palole. Lamba analipo? Si inu muli moyo mpaka lero?"

Ndinati, "Ndili moyo, mwana wanga. Amene anagwa pamatumbapo sangabwere kuno kudzakuyankhani. Mmodzi ndinkakhala naye desiki imodzi."

Anati ngozi ndi Mulungu, ikalembedwa yalembedwa. Ndinawauza kuti asamusenzetse Mulungu mtolo wa dyera lawo. Amene anadula lamba ndi mpeni ali ndi dzina, ndipo amalandira malipiro mwezi ukatha.

Apa ndipo anaonetsa kukula kwa nzeru zawo. Anapisa m'thumba, natulutsa K2,000, nati ndikamugulire mwanayo masiwiti, nkhaniyi ithere pomwepo popeza tonse ndife anthu amodzi. Ndinaiyang'ana ndalamayo, ndinawayang'ana iwo. Ndinavala chipewa changa. Mayi wa patebulo uja ananditsanzika kuti, "Muyende bwino agogo," maso ali pafoni pomwe.

Tsono ndili ndi mafunso, ndipo ndikuwafunsa poyera. A Dayilekita, tsiku lija munkandionetsa malamba, munali mutadziwa kale kuti mudzawakwirira? Dalaivala amene amaphunzitsa ana a zaka zisanu kuti wapolisi ndi mdani, ndipo lamba ndi chinyengo cha pamsewu, mumamutcha wanthabwala? Nanga inu a kusukulu, amene mumaima pageti m'mawa uliwonse kuyang'ana ngati ana avala masokosi oyenera, simuona ana khumi ndi atatu akutuluka m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri? Masamu amenewa akukuvutani?

Madzulo ake ndinauza mwana wanga kuti Tiyamike sadzakweranso galimoto imeneyo. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Bambo, nanga nditani? Ntchito ndisiye? Ena onse ndi odula, ndipo kaya nawonso amachita zomwezo."

Ndinati miyendo ndikadali nayo. Kuyambira Lolemba ndimamuperekeza ndekha, kuchoka ku Chitawira mpaka ku Naperi, mphindi makumi anayi pa mayendedwe a nkhalamba. Mawondo amadandaula pachitunda, koma mwana amafika ndi nkhope yake yonse.

Dzulo galimoto ija inatipitirira panjira. Windo limodzi linali lotsitsa, ndipo Tiyamike anawakweza dzanja anzake. Kenaka anandikoka jekete.

"Agogo, pamalo panga pakhala wina. Sindikumudziwa."

Ndinamuona. Kamtsikana kakang'ono, yunifolomu yatsopano, tsitsi lomangidwa bwino ndi maliboni, katakhala pamiyendo ya mnzake. Pali mayi amene anadzuka m'mawa kukamanga tsitsi limenelo ndi chikondi chonse. Kaya ndi ndani mwa inu.

Inu achinyamata amene mwayamba kulera, kandimverere anakanena za m'maluwa. Musakhutire ndi galimoto ya kuofesi, kapena ya pageti panu. Pemphani ola limodzi kuntchito, mukaime pageti la sukulu, muwerenge mitu ya ana amene akutsika, muwerengenso malamba. Zikasiyana, mutsitseni mwana wanu tsiku lomwelo. Ndipo mukamukweza galimoto iliyonse, ya mlendo, ya mbale kapena yanu yomwe, mukhazikeni kumbuyo, mumumange lamba ndi manja anu, mukoke kuti muone ngati wagwira, ndipo pokhapo mutseke chitseko.